Khobwe wa nkhwali

Kabotolo kotseka ndi chitsononkho kaja ndikadali nako. M'katimo muli njere zinayi zamawangamawanga, zochepa kuposa mphodza. Amayi ankazitcha khobwe wa nkhwali.

Khobweyu ankamera malo amodzi okha kwathu ku Lirangwe: pachulu cha kumunsi kwa munda wathu, pansi pa mthethe, n'kumayanga pa tsekera. Masamba ake anali ndiwo, ndipo pansi ankaika timbatata timene tinkakumba njala ikafika posauzana. Tinkakumba tochepa, tina n'kusiya. "Ameneyu salimidwa, amangosungidwa," amayi ankatero, uku akumwaza njere zake pachulu pomwepo monga ankachitira amayi awo.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi. Amalume, amene anali mlonda ku bwalo la ndege ku Chileka, anagwidwa ndi njala ya dzina. Ankafuna kutchedwa mchikumbe, mlimi wotamandidwa ndi boma. Mlangizi wa zaulimi anali atawauza kuti dothi la pachulu ndi feteleza waulere, ndipo mlimi wamakono sasunga tchire m'munda. Anali mwinimbumba, mawu awo sankabwezedwa. Amayi anagwada.

"Achimwene, tadikirani makoko aume, nditoleko mbewu."

"Mpaka Loweruka, achemwali. Likapitirira, musandinene."

Lachitatu kunabwera lole ya chipani kudzatenga amayi onse a m'mudzi kuti akavine ku bwalo la ndege mpaka Loweruka, poti mtsogoleri wa dziko amabwera kuchokera kunja. Masiku amenewo wotsala anali wodwala yekha, nayenso ankafunsidwa kuti wadwala chiyani. Amayi akumanga nsalu yawo yovinira anandikokera kuseri kwa nyumba. "Iwe, ukathyole makoko aja Lachisanu m'mamawa mame asanaume. Ukaike m'thumba, umange kukamwa."

Ndinathyoladi Lachisanu, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno, minga ya mthethe ikundikala m'mikono. Lichero linadzaza. Koma za thumba ndinaziona ngati zachibwana. Khobwe amayanikidwa, ndani sadziwa? Ndinamuyala pamphasa pabwalo, ndili nganganga kudikira kuti amayi adzandiyamikire.

Dzuwa litafika pamutu ndinamva the! the! Makoko ankathetheka okha n'kupotana, njere kuuluka mpaka kuseri kwa nkhokwe. Khobwe wa kumunda amadikira munthu kuti amupunthe, koma wa kutchire amadzifesa yekha. Nkhuku zinathamangira. Ine ndinaseka, ndinaombera m'manja. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Loweruka amalume anasunga mawu awo. Anatentha tchire, anadula mthethe, anagumula chulu. Timbatata tija tinatuluka ndi khasu, n'kufota padzuwa. Utsi unkanunkha ngati nyemba zopserera.

Amayi anatsika lole madzulo ake, miyendo ili mbuu, mawu atasasa ndi nyimbo zotamanda ulimi. Anaona phulusa kumunda, anaona makoko opanda kanthu pamphasa. Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anagwada pabwalo n'kuyamba kupeta fumbi ndi zala mpaka anapeza njere khumi ndi ziwiri. Zisanu ndi zitatu anadzala mvula itagwa, m'mizere ya amalume. Zinamera zitatu, zachikasu, n'kufa zisanayange.

Amalume uchikumbewo sanaupeze. Chimanga cha pachulu chinachita bwino zaka ziwiri, basi. Tsopano kumabwera ophunzira ndi zithunzi, kufunsa ngati tinaonako chomera chotere, akuti chatsala pang'ono kutha. Amalankhula mwaulemu ngati mlangizi uja. Ndimawalozera pamene panali chulu, pomwe tsopano pali uvuni wa njerwa. Kabotolo sindiwaonetsa, ndipo kudzala njerezo ndimaopa, poti zikakana ndiye kuti zathadi.

Loweruka lija, nditaona misozi ya amayi ikudontha m'fumbi, ndinathamangira m'nyumba n'kubwera ndi mbale yodzaza khobwe wa kumunda. "Amayi, musalire, wina uyu. Ndi wamkulu kuposa uja." Ndinkaganiza kuti akulira ndiwo.