Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za Desley

Merv Tonkin adatha zaka makumi anayi akukonza mapampu a madzi m'mafamu a ng'ombe kumpoto kwa tauni ya Marree, ndipo kuuma mutu kwake kudamveka dera lonselo. Ankamutha ndi mkazi wake yekha, Desley. Mayiyo atamwalira, Merv adatsala ndi galimoto, tenti, ndi laputopu yakale imene adawapatsa mwana wawo Raelene.

M'laputopumo mudali kanema wa mphindi zisanu ndi ziwiri. Desley ali padziwe la mtsinje wa Cooper, akukazinga nsomba kwinaku akulalatira mwamuna wake: "Inu bambo, tasiyani zojambulazo mundiingitsire ntchentchezi. Kapena ndiwo zanu zikhale zomwezi?" Chakumapeto amaseka. Mawu a Desley sadatsale pena paliponse, koma mmenemo basi.

Raelene adachonderera mpaka kutopa. "Adadi, bweretsani ndikusungireni pa intaneti."

"Mayi ako sindingawaike m'makina a anthu osawadziwa," adatero Merv, nkhani n'kuthera pomwepo. Paja wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Chaka chilichonse ankabwerera kudziwe lija, laputopu ili nawo pa ulendo. Kusamala kwake, khanda lichepa. Aliyense kumeneko amadziwa kuti m'galimoto yotseka masana ngakhale pulasitiki amapindika, choncho Merv ankaikulunga m'bulangete, kuilowetsa pansi pa mpando, n'kusaka mthunzi wa mtengo wa bulugamu woti aimikepo galimoto. Ankaitsegula m'mamawa mokha, tiyi ali m'manja, dzuwa lisanakwiye. Ankamusowa Desley, kumusowa koti masiku ena chakudya sichinkatsika pakhosi.

Chaka chimenecho adapita ndi mnzake Col Hennig, mdala wometa nkhosa, wolongolola ngati wailesi. Kutentha kudabwera msanga. Ataima masana kuti adye, Merv adapisa dzanja pansi pa mpando n'kupeza laputopu ikuotcha ngati simbi, bulangete lili pomwepo.

"Ndiye wangoti ndwii chiyani, aise?" adafunsa Col. "Kuno chilichonse chimene munthu umachikonda chimalowa m'bokosi la ayezi. Batala, mankhwala a shuga, mowa. Iweyo mkazi wako apsere pansi pa mpando?"

Zidamveka zanzeru, poti ndi mmene amachitira onse. Merv adatulutsa zitini zisanu ndi chimodzi za mowa kuti apeze malo, Col akung'ung'udza kuti akadadziwa akadatseka pakamwa. Adaika laputopu m'jumbo ya buledi, kumanga kukamwa, n'kuigoneka bwinobwino pamwamba pa ayezi.

Msewu wotsalawo udali wa mabampu okhaokha, maola anayi galimoto ikunjenjemera ngati ya malungo. Merv ankayendetsa akuimba mluzu. Za ayezi kuti akusungunuka sadaganizeko n'komwe.

Atafika padziwe adathamangira kubokosi asanakhome tenti. Jumbo ija idali itamira pakati pa zitini, itang'ambika pangodya. Adaitukula, madzi chuchuchu. Adapukuta laputopu ndi malaya ake, adaiyanika pamthunzi masiku awiri, osaponya mbedza ngakhale kamodzi. Tsiku lachitatu m'mamawa adathira tiyi, adakhala pampando wake, adadina batani. Zii. Adadinanso. Zii.

Col adavula chipewa.

"Ndakulakwira, Merv."

"Ndidaikamo ndi manja angawa," adatero Merv.

Ntchentche zinkawatera kumaso. Kenako Col adati, "Komatu kanema uja wamuonera kambirimbiri. Suli nazo zonse pamtima? Tanena, ndimve nawo."

Merv adakhosomola, maso ali pamadzi. Adayamba pang'onopang'ono. Za ntchentche, za ndiwo, za mafuta amene iye adaiwala kunyumba, za Raelene yemwe sadaimbe foni sabata yonse. Sadaphonye liwu ngakhale limodzi, ndipo Col ankangogwedeza mutu, poti Desley ankayankhuladi choncho.

Merv adafika pomwe Desley amaseka. Adatsegula pakamwa, n'kudikira.

"Pitiriza," adatero Col.

"Apa amaseka," adayankha Merv. "Ndikudziwa kuti amaseka, Col. Koma sindikumumva."