Imelo ya Achimwene Ili Kudzala

Ndili ku ofesi, koma desiki yanga ili pakati pa munda wa chinangwa. Maimelo akugwera pa kompyuta ngati ngumbi. Abwana aima kumbuyo kwanga, jekete yawo ikudontha madzi.

"Enieni kumanja, achinyengo kudzala," akutero. "Mukatha mufufute."

Ndikusankha. Ina ikuti ndapambana galimoto, ina ikugulitsa mankhwala a dazi. Ndikuwataya. Kenaka ndikuona dzina la achimwene anga, amene anapita ku Joni titakangana ndipo sitinalankhulanenso. Imelo yawo ili kale kudzala, yakhala pansi, yafunda bulangete. Mutu wake ndi wakuti, "Mlongo, ndikudwala."

"Iyi ndi yeniyeni, bwana," ndikuwauza.

"Mwadziwa bwanji? Akuba nawonso amadwala."

Ndikuikoka kuti ipite kumanja, koma ikulemera ngati thumba la simenti. Ndikuifunsa, "Achimwene, ndinudi? Tchulani dzina la galu wathu uja."

Imelo ikutsegula pakamwa, ndipo ndikuona dzino lobenthuka la achimwene. Isanayankhe, abwana akudutsitsa dzanja paphewa panga n'kudina. Dzala layera.

Ndadzuka manja atalema, ndipo dzina la galuyo nanenso sindikulikumbuka.