Malire a panyanja alibe chidindo

Inu owerenga, ine ndinalakwitsa chinthu choti funso limodzi lokha likanandipulumutsa. Kwa zaka zitatu ndinkatuluka m'dziko la eni ake lino osadziwa kuti ndikutuluka, ndipo lero banja langa likuvutika chifukwa cha umbuli wangawo. Ndikulemba izi mtima ukuwawa, komanso ndi manyazi, poti ndine munthu amene ndinkadzitama kuti mapepala ndimawadziwa.

Ndinabwera ku Glasgow, kuno ku Scotland, kudzaphunzira zamagetsi. Nditamaliza, kampani ina yofufuza za pansi pa nyanja inandilemba ntchito n'kundipezera chilolezo chokhalira kuno, chija chimamangiriridwa kwa amene wakulemba. Mkazi wanga ananditsatira, chilolezo chake chodalira changa, ndipo mwana wathu Tadala anabadwira konkuno. Tinapeza kanyumba ka m'mwamba m'dera la Govanhill. Lamulo linali lomveka bwino. Ukakhala zaka zisanu osapitirira masiku 180 kunja kwa dziko m'miyezi khumi ndi iwiri iliyonse, ukhoza kupempha chilolezo chokhazikika. Ukachipeza goli lachoka, ntchito umasankha wekha.

Ntchito yathu ndi ya timabokosi tolemera timene kuntchitoko timati manodi. Sitima imayala manodiwo pansi pa nyanja, mazanamazana, m'mizere ngati mapando a chimanga. Kenako sitima ina imadutsa pamwamba ikuphulitsa mpweya m'madzi. Phokosolo limalowa m'miyala ya pansi n'kubwerera, manodi aja akumvetsera. Tikawavuula, akatswiri amaona ngati pansipo pali mafuta kapena gasi. Mkazi wanga nditamufotokozera anati, "Ndiye mumangogogoda chivwende kuti mumve ngati chapsa?" Ndinamuyankha kuti ndi momwemo, kungoti chivwende chathu n'chachikulu.

Poyamba ine ndinali wa kumtunda. Ndinkakhala m'nyumba yokonzera zipangizo kunja kwa tauni, kusintha mabatire a manodi ndi kuwayesa ngati akumva bwino, madzulo ndili kunyumba. Koma makampani a mafuta anayamba kukonda njira imeneyi kuposa yakale yokoka zingwe zazitali kumbuyo kwa sitima. Chithunzi chake chimaoneka bwino, ndiponso manodi amayalika ngakhale pafupi ndi nsanja zopopera mafuta, pamene zingwe zingakodwe. Ntchito inachuluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Sitima zinawonjezeka, anthu odziwa manodi n'kuchepa. Tsiku lina abwana anandiitana kuti ndipite kunyanja ulendo umodzi wokha, masabata asanu, kukathandiza pamene panalibe munthu.

Ndinati chabwino. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akakutuma suyamba mafunso. Komanso ndisaname, zinandikomera. Ulendo umodzi unabala wachiwiri, wachiwiri unabala wachitatu, mpaka malo anga a kumtunda anapatsa wina. Ndikafika kutchalitchi anzanga ankandiitana kuti kaputeni, ine n'kumavomera phewa lili m'mwamba, munthu wa ku Ntchisi woti ngakhale kusambira sindidziwa.

Tsono apa ndi pamene ndinagwera. Masiku ndinkawerenga ndithu, musandiyese wosasamala. Ndinali ndi kabuku. Ndikapita ku Norway pandege kukakwera sitima, ndinkalemba. Ulendo wa ku Angola ndinalemba. Masabata atatu amene ndinapita kumudzi kukaona mayi anga ndinalemba. Koma maulendo ambiri anali a kufupi. Ndinkakwera basi kupita ku Aberdeen, m'dziko lomweli, sitima n'kunyamuka padoko la kumeneko, n'kudzabwereranso padoko lomwelo, m'pasipoti osalowa chidindo. Amenewo sindinkalemba. Kwa ine malire anali a pa Dedza ndi pa Mchinji: chitsulo chopingasa msewu, mbendera, munthu wa yunifolomu ali ndi chidindo chake. Nanga madzi amene ali pakhomo pa Scotland angakhalenso a ndani?

Mkazi wanga anakayikira. Tsiku lina akupinda ovolosi yanga anandifunsa kuti, "Bambo a Tadala, za kunyanjazi mwafunsapo kwa odziwa? Ine mtima wanga sukukhazikika." Ndinamuseka. Ndinamuuza kuti iye azidziwa za agogo amene amawasamalira kuntchito kwake ku Shawlands, za mapepala andisiyire ine. Mawu amenewo amandibaya mpaka lero. Iye sanabwerezenso.

Zaka zisanu zitakwana ndinavala jekete, tonse awiri tinanyamula mapepala kupita kwa loya wina ku Partick, mayi wachikulire wofatsa. Ndinamupatsa kabuku kanga monyadira. Anakatsegula, kenako anapempha kalata ya kuntchito yosonyeza masiku onse amene ndinali pasitima. Anawerenga akuyendetsa pensulo, ndipo ndinaona pensuloyo itaima. Anandifunsa kuti sitimazo zinkagwira ntchito kutali bwanji ndi gombe. Ndinati kutali ndithu, nthawi zina ulendo wa tsiku lathunthu. Apo anavula magalasi. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti pa nkhani imeneyi dziko limathera mamailosi khumi ndi awiri kuchokera pagombe. Ukadutsa pamenepo watuluka, kaya pali chidindo kaya palibe. Ataphatikiza masiku a m'kabuku ndi a m'kalata, anapeza kuti chaka chilichonse mwa zaka zitatu zija ndinali nditapitirira. Kuwerenga kwa zaka zisanu kunayenera kuyambiranso pachiyambi.

Mutu unaima. Ndinatsutsa, ndinakweza mawu, ndinati bwanji kampani sinandiuze. Mayi uja anangondiyang'ana, nati kampani imawerenga manodi ake, masiku anga ndi anga. Pobwerera, m'sitima ya njanje yoyenda pansi pa tauni, mkazi wanga anangofumbata chikwama pamiyendo, misozi ikutsika yokha. Akanandilalatira mwina ndikanapepukidwa.

Inu owerenga, taonani pamene ndakodwa. Chilolezo anandiwonjezera, koma chikadali m'dzina la kampani yomweyo. Kuti zaka ziyambe kuwerengeka, ndiyenera kukhala kumtunda. Kuti chilolezocho chikhalepo ndiyenera kugwira ntchito, ndipo ntchito yanga tsopano ili kunyanja. Ndinapita kukagwada kwa abwana kuti andibwezere kumtunda. Anandimvetsera bwinobwino, n'kundionetsa ndandanda wa sitima wodzaza mpaka chaka chamawa, nati pakapezeka mpata ndidzakhala woyamba. Papita miyezi khumi ndi inayi. Ndafunsira kwina ndi kwina, koma aliyense akaona kuti ndimadziwa manodi amangofunsa kuti ndingakwere sitima liti. Ndikati ndisiye ndekha, ndili ndi masabata ochepa opezera wina wondilemba, apo ayi tonse atatu tilongedze. Anthu akuti msika wathu ukukula. Ukukuladi, ndipo ukamakula ine ndi pamene chingwe chikumangika.

Chimene chimandidya kwambiri ndi Tadala. Wayamba sukulu tsopano. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chimene nthawi zina ine ndemwe chimandiphonya. Iye amadziwa kuti kwawo ndi ku Govanhill. Sadziwa kuti kukhala kwake pano kwapachikika pa kapepala ka bambo ake, ndipo bambo akewo anakaseweretsa. Tsiku lina anajambula sitima kusukulu, pamwamba pali kamunthu kokweza dzanja, nauza aphunzitsi kuti ndi bambo ake. Atandionetsa ndinamuyamika, kenako ndinakadzitsekera kubafa.

Ndikukupemphani inu amene muli kunja pa chilolezo cha ntchito, makamaka amene akukunyengererani za kunyanja. Musanati chabwino, kafunseni odziwa malamulo, poti malamulowo amasinthasintha. Kufunsa si kuderera abwana ayi. Lembani tsiku lililonse, ngakhale lija mukuliona ngati silikuwerengeka. Ndipo mnzanu wa m'nyumba akakutsinani khutu, imani kaye mumve. Amati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadya, n'kudyetsanso mkazi ndi mwana amene sanalakwe kanthu.

Lachiwiri likubwerali ndikukweranso basi ya ku Aberdeen. Masiku ano sitima ikanyamuka ndimakaima kumbuyo, pafupi ndi mashelefu a manodi, foni ili m'manja ikundionetsa mtunda. Ikafika pa mamailosi khumi ndi awiri ndimayang'ana pansi. Palibe chitsulo, palibe mbendera, madzi otuwa okhaokha. Ndimatulutsa kabuku kaja, n'kulemba.