Munthu Wopanda Gadiyani

Chaka chimene ndinafika ku Canada ndinkadziwa anthu awiri okha, amuna anga ndi mwana wanga, ndipo mwanayo anali asanayambe kuyankhula. Tinkakhala ku Etobicoke m'chinyumba chachitali cha mafulati, kufupi ndi bwalo la ndege, moti ndege ikamatsika makapu ankalira m'kabati. Amuna anga ankayendetsa thiraki yopita ku America. Amachoka, kutha masiku, kubwera, kugona, kudzuka, kuchokanso. Pochoka mawu awo anali amodzimodzi: "Usatsegulire munthu. Wina akagogoda, khala chete. Kuno si kwathu."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6 kwathu ku Ntcheu, Chingerezi changa chinali cha moni ndi zikomo basi. Ndiye ndinkangokhala, mwana kumsana, khutu kuchitseko. Chikepe chikaima, mtima phaa. Munthu akatsokomola mukolido, ine diso pa kabowo ka pachitseko. Anthu a m'nyumbamo ndinkawadziwa nsapato ndi mayendedwe, koma panalibe amene anandifunsapo kuti ndadzuka bwanji.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la mwamuna wina wokhala yekha. Wamfupi, khosi lalikulu ngati mutu womwe, mphuno yokhota, makutu otupa opindikapindika ngati bowa wouma. Nditamuona koyamba pa kabowo kaja ndinati uyu ndi chigawenga, ndinakokera mpando kuchitseko.

Tsiku lina tayala la kangolo ka mwana linakodwa pakhomo pa chikepe, chitseko chikutseka n'kutseguka, kutseka n'kutseguka, mwana akulira. Amene anatulukira ndi yemweyo. Sanafunse, anangonyamula kangolo ndi mwana yemwe n'kukaika pansi mukolido bwinobwino ngati dengu la mazira. Kenako anadzimenya pachifuwa.

"Brazil."

Ine ndinadziloza. "Malawi."

Za Brazil ndinkadziwa mpira wokha, ndiye ndinaponya mwendo ngati ndikumenya mpira. Anaseka mpaka kugwira khoma, n'kupukusa mutu kuti ayi. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka ngati changa, ndipo chimenecho n'chimene chinandikhazika mtima pansi. Anali munthu woyamba m'dziko lino kundiyankhula osathamanga. Kuyambira pamenepo tikakumana ankati, "Mama, muli bwino? Mwana ali bwino?" Mawu omwewo basi. Koma ine ndinayamba kumasunga zinyalala, ndikamva kiyi wake akulira pachitseko ndiye kutuluka kokataya, kuti tsikulo lisathe munthu wamkulu asanandipatse moni.

Itafika nyengo yozizira, chipale chitadzaza paliponse, munthuyo anayamba kuonda. Osati pang'onopang'ono ayi, mofulumira. Masaya kulowa, maso kulowa, milomo kung'ambika. Ankayenda ndi kabotolo n'kumalavuliramo. Pakhosi anatuluka zipere. Masana ena ndinatsika kuchipinda chochapira, ndinamupeza atakhala pansi pakati pa makina oumitsira zovala, atavala majekete awiri ndi chipewa, m'kati mwake zovala zapulasitiki, thukuta likuyenderera pansi ngati mpopi wodontha. Anakweza dzanja kundipatsa moni, mawu osatuluka.

Ine maonekedwe amenewo ndimawadziwa. Ndisanakwatiwe ndinali gadiyani wa achimwene anga pa chipatala cha boma kwathu. Amayi anali kumunda ndi ana ena, ndiye amene anapita ndi ine. Ndinkagona pansi pa bedi lawo pachitenje, kuphika ku shedi ya magadiyani, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuchapa zimene aipitsa. Matendawo sitinkawatchula dzina, koma wadi yonse inali ya anthu owonda choncho, ndipo aliyense anali ndi wake pansi pa bedi. Ngakhale woledzera wa pamsika anali ndi mlongo wake womugwirira kapu. Kwathu munthu sadwala yekha. Tsono uyu, khomo ndi khomo ndi ine, akauma m'nyumbamo adzadziwa ndani? Adzamupeza ndi fungo?

Ndinaimbira anti ena a ku Brampton, anesi, achibale a amuna anga a patali amene ndinkangowadziwira pa foni.

"Anti, pali munthu pano akudwala, alibe gadiyani."

"M'Malawi?"

"Ayi, wa ku Brazil."

"Iii, mwana iwe. Kuno kulibe za gadiyani, magadiyani ndife manesi, amatilipira. Aliyense amamainda zake kuno. Ukayamba zolowerera azidzati ukumuharasa, wamva? Ndili pa shifiti, ndikukola madzulo."

Sanaimbe. Amuna anga atabwera ndinawauza akuvula nsapato.

"Ndiye wayamba kuwerenga nthiti za amuna a eni? Ine ndikaonda umaona?"

"Inu simuonda."

"Eya, sindionda. Zisiye zimenezo."

Atachokanso ndinaphika phala lotendera, lopyapyala, lija munthu wofooka amatha kumeza. Ndinaimirira nalo kuseri kwa chitseko changa mpaka linayamba kugwira khungu pamwamba. Kenako ndinatsegula, kuliika pakhomo pake, kugogoda, kuthawa. Chimenecho chinali chitseko choyamba kugogoda ine m'dziko lino.

Posakhalitsa ndinamva kugogoda kwanga. Ndinatsegula. Mbale ili m'manja mwake, yodzaza momwe ndinaiperekera.

"Mama, zikomo. Sindingadye."

Achimwene anganso anayamba ndi mawu amenewo. Misozi inangobwera yokha, ine kumangobwereza m'Chingerezi changa chija, chipatala, chipatala, mankhwala alipo, tiyeni, ndikuperekezani. Anandiyang'ana nthawi yaitali osamvetsa. Kenako anati ndidikire. Analowa kwake, kusiya chitseko chotsegula, n'kutuluka ndi sikelo ngati ya kuchipatala. Anaiika mukolido, kukwerapo, kuloza nambala, kenako kuloza pansi pake, kutanthauza kuti iyenera kutsika ndithu. Ataona kuti ndikungomuyang'ana, anakokera wailesi yakanema kufupi ndi khomo n'kuikamo chimbale. Ine sindinalowe, mkazi wa mwini sangalowe. Ndinaonera mukolido, mwana kumsana.

Munali khola la waya, anthu ambirimbiri kunja akukuwa, m'katimo amuna awiri opanda malaya, opanda nsapato. Mmodzi anali iyeyo. Nkhonya ndinaziwonapo, koma izi zinali nkhonya, mateche, zigongono, maondo, kugwetsana pansi, wina kukhala pamimba pa mnzake n'kumam'menya kumaso, woimbira akungoyang'ana. Magazi pansi. Kenako iyeyo anazungulira kumbuyo kwa mnzakeyo ngati nsato n'kumukola pakhosi, mnzakeyo n'kumenya pansi ndi dzanja kuti wagonja, basi zatha, akukumbatirana.

"Ntchito yanga," anatero.

Anafotokoza ndi manja, ndi sikelo, ndi mawu ochepa amene tinali nawo. Amamenyanitsa anthu olemera mofanana. Dzulo lake la ndewu amawakweza pa sikelo, ukapitirira ndiye kuti ndewu palibe. Tsono amasiya kudya, kenako kumwa, malovu omwe amataya. Kuno ku Ontario boma linkakana masewerawo, ndiye ankakwera basi kupita ku Montreal, nthawi zina kuwoloka malire.

Ndinkayembekeza kuti mtima utsika. M'malo mwake ndinapsa mtima, ndinamukalipira m'Chichewa chenicheni. "Anthu akulira kufuna thupi, inu mukulitaya dala? Amayi anu akudziwa zimenezi?"

Sanamve liwu n'limodzi lomwe, koma anaseka ndi milomo yong'ambikayo. "Mama wakwiya. Sungani. Ndikabwera ndidya."

"Phala sasunga," ndinatero, n'kulanda mbale yanga.

Anabwera diso limodzi litatsekeka, tsaya lili ndi ulusi, atapambana. Anagogoda ali ndi mbale yake ndi sipuni yake. Ndinaphika lina. Anadyera mukolido atakhala pansi, msana kukhoma, ine pampando m'kati mwa khomo langa, chitseko chotsegula. Kuyambira apo zinkatero ndewu iliyonse. Anti aja akanationa akanati chiyani kaya.

Mbiri yake ndinaimva zidutswazidutswa, mbale ndi mbale. Anayamba kulimbana ali mwana, m'dera la nyumba zothithikana paphiri, mayi ake akuchapira anthu zovala. Kwawo anamenyapo ndewu zopanda magolovesi. Anabwera kuno munthu wina atamuitana kudzaphunzitsa pa jimu, masana kuphunzitsa azungu a m'maofesi kugwetsana, kwinaku akudikira kuti a kampani yaikulu ya ku America amuitane. "Ndikapambana ziwiri, aimba," ankatero. Anapambana ziwiri, sanaimbe. Kenako analuza. Kenako analuzanso kwa kamnyamata kamene ankati kanali kasanamere ndevu. Ndiye anaganiza zotsikira kwa anthu opepuka kuposa apo, kuti azikakumana ndi ang'onoang'ono, ndipo kuonda kuja kunafika poti ankakwera chikepe atatsamira khoma, maso otseka.

Mwana wanga anayamba kuyenda nthawi imeneyo. Ulendo wake woyamba wautali unali wowoloka kolido, kuchoka pamiyendo panga kukagwera pa maondo a munthuyo. Ndinamuphunzitsa kunena kuti amalume. Munthuyo anafunsa tanthauzo, nditamuuza kuti ndi mlongo wa mayi, anayamba kudzitchula yekha choncho. "Amalume atopa. Amalume ali ndi njala."

Mantha anga aja sanathe, anangosintha malo. Akapita ku ndewu ndinkapsereza ndiwo. Ulendo wina anabwera masana, ndinamva kiyi akukanda chitseko osalowa pabowo. Nditatuluka anandifunsa ngati mwana ali bwino. Ndinayankha. Anafunsanso. Ndinayankha. Anafunsanso kachitatu, nkhope yomweyo, ngati sitinayankhulane. Kenako anasanza pakhomo pake.

"Anakuperekezani ndani?"

"Palibe. Mphunzitsi wanga anandisiya pa basi."

Ndinakolopa. Ndinamutsegulira chitseko chake, ndinakhala pakhomo langa tsiku lonselo ndikumuitana pafupipafupi, "Achimwene!" kuti ndimve ngati ayankha. Akachedwa kuyankha ndinkaimirira, phazi limodzi pakhomo pake, osadziwa ngati ndilowe. Tsiku limenelo ndinasintha pemphero. Poyamba ndinkapempha kuti apambane msanga asanamupweteke. Tsopano ndinati, Mulungu, mumuthyole kanthu kakang'ono, kachala kaya bondo, kongokwanira kuti asiye.

Sichinali chala. Linali diso. Asanamenye ndewu iliyonse ankayenera kupimidwa, ndipo dokotala ataona m'kati mwa diso lija anakana kumuvomereza. Anapita kwa wina, yemwenso anakana, n'kumuuza kuti nkhonya ina imodzi pamenepo ndiye mdima. Anandiuza atakhala pamalo pake paja mukolido, mbale osaikhudza.

"Basi, Mama. Zatha. Ine ndimadziwa ichi chokha."

Analira ngati mwana, mapewa aakuluwo akugwedezeka. Ine ndinati pepani, pepani achimwene, koma m'kati mwanga munali mopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ndinayang'ana pansi kuti asaone.

Miyezi yotsatira thupi linabwerera. Masaya anadzaza, khungu linasalala, anayamba kuyenda ngati munthu wamba, wonyamula majumbo a zogula. Anandibweretsera nyemba zakuda zophika ndi nyama, chakudya cha kwawo, zamchere kwambiri, ndinadya zonse. Ndinkaganiza kuti tsopano tizikhala choncho. Sindinaganize kuti chimene chinkamusunga m'nyumba imeneyo ndi jimu ija ndi ndewu zomwezo. Mnzake wina wa kwawo anamupezera ntchito yofolera nyumba kumzinda wina, ku Hamilton, madzulo azikaphunzitsa ana kulimbana.

Tsiku losamuka kunabwera kagalimoto ka mnzakeyo. Katundu anali wochepa, matilesi, wailesi yakanema, zikwama ziwiri. Ndinanyamula katoni imodzi pamutu mpaka pansi, anthu m'chikepe akundiyang'ana. Panja anayesa kutseka zipi ya jekete, inakana pamimba. Anadzimenya pamimbapo.

"Onani, Mama!"

"Mwanenepa," ndinatero m'Chichewa, kenako m'Chingerezi. Mnzakeyo anaseka kuti ndamunyoza. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu amenewo ndi mawu abwino, mawu a Chingerezi anandithera.

Ananyamula mwana, kumuponya m'mwamba, kumuwakha, kumubweza. Ine anandigwira dzanja ndi manja awiri. Nambala ya foni sindinapemphe. Ndikanailemba pati, ndipo ikanalira amuna anga ali pakhomo ndikanati ndi ndani? Iyenso sanapereke, ndikhulupirira ankadziwa. Galimoto inatuluka pageti n'kukhotera kumsewu waukulu. Ndinali nditatsika wopanda juzi, koma ndinaimabe mpaka mwana anayamba kundikoka chitenje.

Amuna anga anafika madzulo a tsiku lomwelo. Anaona chitseko cha patsidya chili pululu, munthu wosamalira nyumba akupenta m'kati.

"Wankhonya uja wasamuka?"

"Eya."

"Bola. Nkhope imene ija inkandiopsezera mwana."

Anakhala pampando n'kutambasula miyendo. Ndinawafunsa ngati amwe tiyi kaye kapena asambe.