Ambuye Amene Anakwera Kale Sitima

Sitima ikalira pa Balaka, mpaka lero ndimacheuka ngati pali wina watsalira.

Ndinali kamtsikana pamene ine ndi amayi tinanyamuka ku Phalula kukafunafuna abambo, amene anapita kukagwira ntchito ku Limbe n'kungoti zii. Pasiteshoni panali fungo la dizilo ndi nthochi zakupsa. Amayi anamangirira khadi la chipani pansonga ya chitenje, kenako anatsinzina: "Ambuye, titsogolereni. Njira sitikuidziwa."

Kwathu agogo, aamuna kapena aakazi, timawatcha ambuye, ndipo ambuye anga aamuna anali atachita khungu kalekale. Sitima itafika ndinakakamira mzati.

"Iyayi, sindikwera! Ambuye sanafike!"

"Ambuye ati, iwe?" anafunsa amayi.

"Mwawaitana aja. Komanso atitsogolera bwanji, poti saona?"

Amayi, amene anali asanasekepo chichokereni abambo, anaseka mpaka misozi. Anandinyamula n'kundinong'oneza: "Awa ndi ena, mwanawe. Amaona. Akwera kale."

Ulendo wonse ndinkasuzumira m'mipando kuwafunafuna. Sindinawaone, koma abambo tinawapeza m'chipatala, atayamba kuchira.

Lero inenso ndine ambuye a tiana tina, maso ayamba kuchita chidima, ndipo ndisananyamuke ulendo uliwonse ndimatsinzina n'kuitana anakwera kale aja.