Rover ya Amalume Inatuluka pa Geti

Ndinadzuka kusanache, azana woitanira anthu kumzikiti asanamveke. Kunena zoona sikunali kudzuka, ndinangotsegula maso pampando wapulasitiki pomwe tulo tinandibera, khosi litapindikira kumodzi. Tinachezera m'kachipinda ka amalume, kuseri kwa nyumba ya abwana awo ku Bin Omran mumzinda wa Doha, amuna owerengeka, ena pamatiresi, ena pakhonde. Panalibe moto wa pamaliro, panalibe nyimbo za sikiri, ndipo thupi lenilenilo panalibe. Amalume anga, Che Amidu, anali m'chipinda chozizira cha kuchipatala, komwe anawatengera, mtima utangoima ali pantchito yawo yaudalaivala. Ife tinachezera kulondera nsapato zawo ndi malaya oyera opachikidwa pamsomali.

Titabwerako kumzikiti foni yanga inalira. Anali amayi, mlongo wawo wa amalume, kwathu ku Ntaja. Pavidiyo ndinaona moto ukuzilala pabwalo, anthu atafunda zitenje mozungulira, ndi mpanda wathu waudzu womwe ndinausiya woongoka tsopano utapendekeka. Akumudzi anali atavomera kale kuti Msilamu sasungidwa masabata kudikira ndege, aikidwe komwe wafera. Zimenezo amayi sanazibwereze. Anandifunsa funso limodzi lokha.

"Twaibu, nanga achimwene achokera pati?"

Ndinadziwa chimene ankatanthauza. Kwathu munthu sachoka kuchipatala kulunjika kumanda ngati katundu. Amayamba wafika pakhomo pake, atulukire pomwe ankatulukira ali moyo, anthu n'kumutsatira pambuyo. Kuno n'zosiyana. Ambulansi imatenga thupi kuchipatala kukalisiya kumanda, kosambitsira kuli konko, mapemphero a swala ali konko, ndipo pakhomo maliro sapondapo. Ndinayamba kufotokoza za malamulo a kuno, koma amayi anandidula. Anati iwo malamulo sawadziwa, chomwe akupempha n'chakuti mlongo wawo asapite ngati munthu wopanda khomo. Foni itaduka ndinakhala nayo m'manja, osadziwa kuti madzulo ndiwayankha chiyani.

Ndinatuluka panja. Pakona ya mpanda, pansi pa kadenga ka malata, panali galimoto ya amalume itafunda lona. Ndinaivundukula. Inali Rover yachikale ya ku Mangalande, yobiriwira modera, yazitseko zinayi, mipando yachikopa, kutsogolo kwa dalaivala kuli matabwa opukutidwa bwino. Bambo wawo wa abwana ndiwo anabwera nayo kuchokera kumaphunziro kalekale, ndipo atamwalira inangokhala pamenepo, amphaka n'kumaswera pansi pake. Amalume atayamba ntchito pakhomopo anaiona, n'kupenga nayo. Abwana powaseka anati akaidzutsa ndi yawo. Sankadziwa kuti matendawa amalume anawatenga ali mwana ku Zomba, komwe agogo ankasamalira maluwa kunyumba za akuluakulu a boma. Ankatiuza kuti ankajomba kusukulu kukaima m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri, kudikira ma Humber ndi ma Rover akuda adutse, ndipo analumbira ali ndi kabudula wong'ambika kuti tsiku lina adzakhala ndi yawo.

Tsiku ndi tsiku ankayendetsa chigalimoto choyera cha abwana, chatsopano, choziziritsa mpaka mpando, koma ankachinyoza kuti ndi firiji ya matayala. Lachisanu, tsiku langa lokhalo lopuma kuulonda, ankandiitana kuti ndikadye mpunga, ine n'kukapezeka nditagona chagada pasimenti, tochi m'manja, mafuta akundidonthera kumaso. Ndinkawanena kuti anzawo amsinkhu wawo akuweta ng'ombe kumudzi, iwo akuweta chitsulo chokalamba. Sankakwiya. Ankangondiuza kuti nditseke chitseko modekha ndimvetsere mmene chikulirira, ndipo ine sindinkamvamo chilichonse. Chimene chinkawakomera koposa chinali chiwongolero. Chili kumanja ngati cha galimoto za kwathu, ndiye akangolowamo ankati afika kale ku Malawi. Ulendo wonse anali ataukonza m'mutu: sitima mpaka ku Beira, kenako iwo okha pachiwongolero, Mwanza, Zomba, Liwonde, n'kukaimba hutala pakhomo pa mlongo wawo. Injini inadzukadi chaka chatha. Koma galimoto yachiwongolero chakumanja, yopanda nambala, sakanaitulutsa mumsewu wa kuno. Ankaiyendetsa kuchoka pakona kufika pageti, n'kubwerera chambuyo, ndipo ulendo wake wonse unali umenewo.

Kutacha kunabwera mphepo yafumbi, dzuwa n'kutuluka loyera, losathobwa m'maso koma lowotcha pakhungu. Amayi awiri akwathu ogwira ntchito m'nyumba zoyandikana anapempha chilolezo kwa madona awo, n'kuyatsa mbaula za gasi kuseri kwa khitchini. Anatereka mpunga, nkhuku ndi tiyi wamkaka, akulimbana ndi mphepo yomwe inkazimitsa moto. Anthu anayamba kufika. Kunabwera alonda otsika shifiti yausiku, maso ali psu, yunifolomu ikadali m'thupi. Kunabwera madalaivala a ku Bin Mahmoud ndi anyamata a m'mahotela amene anachita kusinthana ndi anzawo, Asilamu ndi Akhristu omwe. Makanika wina wa ku Sudan, amene ankawasulira amalume tizitsulo tosowa, sanalowe n'komwe m'chipinda, anangoima pambali pa galimoto akuisisita. Aliyense akafika ankayang'anayang'ana posaka pomwe pali maliro kuti agwade, n'kupeza ine ndekha pampando wapulasitiki. Ena ankapepesa maso ali pawotchi, ndipo sindikanawaimba mlandu, chifukwa basi ya kampani sidikira maliro.

Ndikuyang'ana makanika uja m'pamene ganizo linandifikira. Ndinapita kwa Che Jafali, mnzawo wa amalume kuyambira kumudzi, amene ankayendetsa mwambo wonse. Ndinawauza kuti popeza thupi silifika pakhomo, galimoto ndiyo ituluke pageti m'malo mwa mwini wake, ife tiitsatire. Che Jafali anakwinya nkhope.

"Iwe Twaibu, maliro si ukwati. Galimoto ilibe plate, ilibe istimara, pepala lake la boma, iwenso licence yakuno ulibe. Ukufuna lero tiike mmodzi, mawa tiperekeze wina ku airport?"

"Nanga amayi ndikawauze kuti achokera mu fridge ya ku hospital, bambo?"

Ndinali nditapsa mtima, ndipo mawu anga anakwera kuposa mmene mwana amayenera kulankhulira ndi mkulu. Abwana, amene anali atatuluka kudzatipepesa, anafunsa kuti kwagwanji. Ndinawafotokozera m'Chingerezi changa chapageti za mwambo wa kwathu ndi pempho la amayi. Anayang'ana galimoto ya bambo awo. Kenako anati ifike pakona pa mzikiti basi, isalowe mumsewu waukulu, ndipo iwo eni aima panjira kuletsa magalimoto. Anamaliza ndi "khalas, yalla," monga amalankhulira akuno nkhani ikatha. Che Jafali anangopukusa mutu n'kupita kukauza anthu kuti amalize kudya.

Nthawi yonyamuka itakwana ndinatenga kiyi m'thumba la malaya a amalume. Kwathu ndinayendetsapo minibasi, ndipo amalume omwewo ndiwo anandiphunzitsa, koma ku Doha ndinali ndisanagwirepo chiwongolero. Kuntchito ndimapita pabasi ya kampani ndikuodzera. Nditakhala pampando, chitseko chinacho chinatseguka, Che Jafali n'kulowa nkhope ikadali yamakwinya, akuti wamisala sasiyidwa yekha. M'katimo munkanunkhira chikopa, petulo ndi mafuta onunkhira aja amalume ankadzola Lachisanu. Injini inatsokomola kawiri n'kulira. Geti linatseguka lonse, amuna anafola pambuyo, wina n'kuyambitsa mawu aja timanena tikanyamula jeneza ya maliro, ena n'kupolokezana. Amayi awiri aja, amene kuyambira m'mawa anali asanagwetse msozi, anaima pageti n'kuyamba kulira mokuwa ngati kwathu. Pamenepo m'pamene pakhomopo panaoneka kuti pagwa maliro.

Matayala akutsogolo anadutsa mzere wa geti pomwe amalume ankaimira nthawi zonse. Dzanja langa lamanzere linapeza giya lokha, mapazi anachita zawo, ndipo pokhota ndinalowa kumanzere kwa msewu monga ndikanachitira pa Liwonde. Sindinadziwe kuti ndalakwitsa. Amuna a pambuyo, ena mwa iwo madalaivala oti atha zaka akuyendetsa kumanja m'tauni muno, anangonditsatira konko. Ndinadzidzimuka nditaona njinga yamoto ya operekera zakudya ikubwera maso ndi maso, hutala ikulira, kumbuyo kwake kuli galimoto yoyera. Ndinayamba kupotoza chiwongolero kuti ndibwerere kumanja. Che Jafali anandigwira mkono.

"Usasinthe. Mwini wake akanadzera momwemu."

Wanjinga uja ataona anthu oyenda pansi pambuyo pathu anaima n'kukokera njinga yake pambali. Abwana anakweza dzanja, galimoto yoyera ija n'kudikira. Tinapitirira pang'onopang'ono, kumanzere, fumbi likuwomba pagalasi. Kamsewuko n'kakafupi, munthu amakayenda popita kukagula buledi, koma ine ndinapukwa kwathu mmene sindinapukwirepo chibwerere kuno. Ndinkangoona ngati tikakhota pakona tiona mitengo ya mango ndi ana akuthamangira galimoto, amayi atuluka m'nyumba akupukuta manja pachitenje. Ndinafuna amalume akanakhala pampando wangawu, ine ndili kumbuyo ndikuwanena. Pakona panali mzikiti ndi kabwalo kamchenga. Ndinaimika pamenepo n'kuzimitsa injini, ndipo Che Jafali anakhala kaye osatsika, akupukuta maso ndi chipewa.

Kumanda tinapita pamabasi aang'ono awiri ndi galimoto ya abwana. Ndi kutali, kunja kwa tauni, malo aakulu ozunguliridwa ndi khoma, opanda mtengo woti munthu n'kuusapo. Ndinalowa nawo kosambitsira, n'kuwaona amalume koyamba chimwalirire. Pansi pa zikhadabo zawo panali pakadali kuda kwa mafuta a injini, ndipo ndinapatsuka ndekha mpaka kutatha. Tinawakulunga m'sanda, nsalu yoyera ya maliro. Pa swala ya Asiri, ya kumadzulo, panali maliro ena pamzere womwewo, ndiye tinaswali pamodzi ndi anthu osawadziwa, ndipo potuluka anthu omwewo analandira jeneza yathu pamapewa awo osafunsa kuti mwagona ndani.

Manda anali okumbiratu ndi makina, mizeremizere, dothi loyera lamiyala. Ndinatsika m'dzenje ndi Che Jafali, n'kuwagoneka amalume chammbali. Kwathu nkhope imayang'ana kumpoto, kuno tinawayang'anitsa kolowera dzuwa. Tinaponya dothi ndi manja, mphepo ikutibwezera lina m'maso. Panalibe wolankhula m'malo mwa banja, panalibe wonena mbiri yawo, ndipo palibe amene anatchula zoti munthuyu ankakonda chiyani. Shehe anapemphera mwachidule. Tisanafike n'komwe pachipata cha manda, alonda a shifiti yausiku anali atayamba kale kuthamangira basi.

Tinabwerera ku Bin Omran dzuwa litapendeka, titatsala ochepa. Rover inali pomwe tinaisiya, itayera ndi fumbi. Ndinapotoza kiyi, inakana. Makanika wa ku Sudan anatsegula boneti, kugwiragwira, n'kunena kuti yatentha, mawa idzalira. Sitikanaisiya panja, choncho tinaikankha, Che Jafali ali pachiwongolero, ife mapewa pachitsulo, tikudzera kumanja monga mwa malamulo a eni dziko. Inali yolemera kuposa mmene imaonekera. Tinailowetsa pageti, kuibweza pakona pake, n'kuifunditsa lona.

Amayi awiri aja anali atatsuka miphika n'kubwerera kwa madona awo. Amuna anatsanzika mmodzimmodzi, Che Jafali pomalizira, atandigwira phewa. Ndinatsala ndekha m'kachipinda ka amalume, ndipo ndinaimbira amayi. Kwathu kunali kukadali kowala pang'ono, anthu akusesa pabwalo. Sanandifunse za manda kapena za unyinji wa anthu. Anafunsa ngati achimwene awo anachokera pakhomo. Ndinawauza kuti thupi silinafike, koma galimoto yawo inatuluka pageti m'malo mwawo, amuna akuitsatira pansi, amayi awiri akwathu akulira pakhomo. Ndinawonjeza mwamanyazi kuti ine woyendetsa ndinasokoneza, ndinadzera kumanzere kwa msewu, ndipo anthu onse ananditsatira komweko.

"Kumanzere, ngati kuno?"

"Eya, amayi."

Ndinkangomva tsache likukwecha pansi ndi mbuzi ikulira chapatali.

"Ndiye kuti amabwera kuno," anatero amayi.

Titatsanzikana ndinakhala pabedi la amalume, kiyi ikadali m'manja. Mphepo inali italeka, ndipo kunyumba yaikulu anali atatseka kale mazenera. Sindinayatse getsi.