Anakumba Mpaka Pansi pa Mphasa Yanu

Ababa, lero pa Liwonde ndamva munthu akukuwa kuti akugula ndalama zakale za atsamunda, mtima wanga wawawa. Ndakumbuka tsiku lija munandiikira m'manja ndalama yagolide ija, ya mutu wa mfumu ya Apwitikizi. Munati agogo anaisokerera mu lamba pothawa chibalo ku Mozambiki. "Iyi si yogulira mchere iyayi," munatero, "ndi mboni ya kumene tinachokera."

Tisanamete n'komwe maliro anu, abale anu anakumba nyumba yonse poifuna, mpaka pansi pa mphasa imene munatsirizikirapo. Anthu omwewo, mukudwala sanabwere ngakhale ndi phala. Sanaipeze, ababa. Ndinakuikirani m'thumba la jekete limene munagona nalo m'manda. Ngati ndi amuna, akakumbe kumeneko.